Nyanja ya M'thaulo

Uyu ndi Safia.
Safia ankakhala pa famu ya fodya, pafupi ndi Banket.
Safia anali asanaonepo nyanja.

Awa ndi Baba ake, Che Bakari.
Baba anabadwira ku Mangochi, pafupi ndi madzi.
Pa famu, ntchito yawo inali yosonkha moto m'balani youmitsira fodya.
Ankasonkha masana. Ankasonkha usiku.
Maso awo anali ofiira ndi utsi.

Amayi ankalera Wendy, mwana wa Bwana.
Tsiku lina Amayi anabwera ndi nkhani.
"Bwana ndi Dona akupita ku hotela, ku nyanja ya Kariba," anatero Amayi. "Ife tipita nawo. Iwe uzikanyamula Wendy ine ndikamachapa."
"Akukatani ku Kariba?" anafunsa Safia.
"Akukapuma."
"Atopa?"
"Atopa kwambiri," anatero Amayi.
Baba anasenza chipika china.

Asananyamuke, Baba anapatsa Safia botolo.
Linali botolo la mankhwala a chifuwa. Analitsuka bwino.
"Moto sundilola kuchoka," anatero Baba. "Ukafika, ukaponde m'madzi. Kenako ukanditungire nyanja pang'ono."
"Ndikakutungirani, Baba."

Inali nthawi ya nkhondo.
Magalimoto anayenda pamzere.
Kutsogolo kunali asilikali. Kumbuyo kunali asilikali.
Bwana ankayendetsa. Dona anagwira mfuti.
Galu wawo anakhala pampando.
Safia ndi Amayi anakhala kumbuyo, pa masutikesi.
Safia anagwira botolo lake.

Hotela inali pamwamba pa phiri.
Inali yoyera mbuu.
Pansi pa phiri, nyanja inalowa pakati pa mapiri awiri.
Inali phee, ngati madzi a m'mbale.
M'mbali mwake munali mchenga ndi maboti.

Zenera la Bwana linayang'ana kunyanja.
Zenera la Safia linayang'ana ku mabini.

M'mawa Safia anatenga botolo.
Anapeza kanjira kotsika phiri.
Pa kanjirako panali geti. Pa geti panali mlonda, a Laxon.
"Unoenda kupi, mwanangu?" anafunsa a Laxon m'Chishona.
"Kunyanja, Sekuru."
"Njira iyi ndi ya ogona kutsogolo. Iwe ukugona kuti?"
"Kuseri."
"Ndiye bwerera kuseri. Ndikakutsegulira, mawa pano paima wina."
Safia anabwerera. Botolo linali louma.

Masana Dona anamuitana.
"Nyamula Wendy. Tikupita kunyanja."
Safia anabisa botolo m'diresi. Ananyamula Wendy.
Wendy anali wolemera. Safia sanadandaule.
A Laxon anatsegula geti.
Pomwepo Dona anatenga Wendy m'manja mwa Safia.
"Iwe dikira pano," anatero Dona.
Geti linatsekedwa.

Safia anadikira.
Anaona Wendy akuponda m'madzi.
Anaona galu akuponda m'madzi.
Botolo linali louma.

Tsiku lomaliza linafika.
Safia anakhala kuseri, kochapira zovala.
Amayi ankachapa. Pafupi nawo pankachapa Mai Domingas, a ku Tete.
Mai Domingas ankachapa mathaulo a hotela yonse.
"Mchenga, mchenga, mchenga," anadandaula Mai Domingas. "Anthu awa amabwera ndi nyanja yonse m'mathaulo."

Safia anayang'ana mathaulo.
Anayang'ana botolo.
Anayang'ananso mathaulo.
"Mai Domingas, musawachape kaye."
"Bwanji, mwanawe? Ukufuna kuwadya?"
"Ndikufuna kuwafinya."

Mai Domingas anaseka mpaka kukhosomola.
Kenako anaona botolo, ndipo anasiya kuseka.
"Si onse a kunyanja," anatero. "Ena ndi a ku dziwe losambiramo. Nunkhiza."
Safia ananunkhiza thaulo loyamba. Linkanunkha mankhwala.
"La kudziwe," anatero Safia.
Ananunkhiza lachiwiri. Linkanunkha matope ndi nsomba.
Linali thaulo la Wendy.
"Ili ndi la kunyanja."
"Eya," anatero Mai Domingas. "Ine nyanjayi ndimaidziwa ndi mphuno basi."

Amayi anagwira mbali iyi.
Mai Domingas anagwira mbali iyo.
Anapotokola. Anapotokolanso.
Safia anatchera botolo pansi.
Dontho. Dontho. Dontho.
Botolo silinadzaze. Koma silinali louma.

Anabwerera ku famu.
Kutsogolo asilikali. Kumbuyo asilikali.
Safia anathamangira ku balani. Amayi anamutsatira.
"Baba, nyanja yanu iyi."

Baba anapukuta manja.
Anakweza botolo m'mwamba. Pansi pake panali timchenga.
Anatsegula. Ananunkhiza.
Anamva matope. Anamva nsomba.
Anamvanso mafuta amene azungu amadzola padzuwa.

"Madziwo anali ozizira?" anafunsa Baba.
"Sindikudziwa, Baba."
"Sunapondemo?"
Safia anayang'ana pansi.
"Geti linali lotseka. Awa ndi a m'thaulo la Wendy."

Baba anayang'ana botolo.
Moto unkalira m'balani.


Kenako Baba anagwada.
"Ima apa, pamwala," anatero.
Safia anaima pamwala.
Baba anapendeketsa botolo pa mapazi a Safia.
"Baba, ndi anu amenewo."
"Ine nyanja ndinasambamo kale. Gwedeza zala."

Madzi anatsika pa phazi ili.
Anatsika pa phazi ilo.
Safia anagwedeza zala. Mchenga unalowa pakati.
"Tsopano tandiuza," anatero Baba. "Ndi ozizira?"
"Ndi ofunda, Baba."
"Ofunda? Nyanja ya masiku ano."
Amayi anaseka. Safia anaseka. Baba nawo anaseka pang'ono.

"Bakari, moto ukuzima uko," anaitana kapitawo.
Baba anaimirira. Anasenza chipika.

Safia anatsala pamwala.
Mwala unauma msanga.
Tsiku limenelo, Safia anakana kusamba mapazi.