Dolika Anati Zinayi

"Chotsani dzanja lanulo, achemwali! Ine ndabwera kudzaonana ndi dokotala, osati kudzaseweretsedwa ndi kamtsikana!"

"Dokotala wa mwendo umenewu ndi dzanja lomweli. Khalani bwino pathebulopo, miyendo ilendewere."

"Mukundidziwa ine? Kafunseni Kapata yense! Mwendo uwu waliza magoloboyi!"

"Ndiye kamtsikana sikangakuvuteni. Wongolani bondo. Ine ndikanikiza pansi, inu musalole. Tiyeni!"

Wilbroad analuma mano, misempha ya m'khosi n'kutuluka. Koma mwendo uja unangogwa nthawi yomweyo ngati thunthu la nthochi lodulidwa. Dzanja limodzi lokha, laling'ono, lonunkhira sopo wa m'chipatala, linaugonjetsa. Manyazi bwanji!

Mnyamatayu ndiye ankamwetsa zigoli timu ya ku Kapata, dera la m'tauni ya Chipata, mpaka tsiku lomwe anathyoka mwendo pabwalo. M'mawa umenewo anali atangomuchotsa chikhakha, ndipo ntchafu yake inali itafota ngati bango. Mtsikanayo anali Dolika, wothandizira m'chipinda cha mafizo, momwe ovulala ankaphunziriramonso kuyenda. Ntchitoyo anamuphunzitsa ndi Mayi Ketilina, mkulu wa chipindacho.

"Kuno mphamvu timaziwerenga ndi zala za dzanja limodzi," anatero Dolika. "Mnofu ukangogwedezeka, chimodzi. Ukakoka mwendo muli chogona, ziwiri. Ukaunyamula m'mwamba, zitatu. Ukalimbana ndi dzanja langa n'kugonja, zinayi. Dzanja langa likalephera, zisanu."

"Nanga ine ndili pati?"

"Mwendo, zitatu. Pakamwa ndiye zisanu."

Wilbroad anafuna kukwiya, koma phwete linamupulumuka. Apo m'pamene anamuyang'anitsitsa bwino. Maso akewo! Kachibowo ka pa tsaya lakumanzere! Kodi munthu angachite kuthyoka mwendo kuti akakumane ndi mwayi wake?

Kuyambira pamenepo sankajomba. Dolika ankayamba wamuyeza akangofika, kenako n'kumumangirira timatumba ta mchenga m'kakolo kuti anyamule, atsitse, anyamulenso. Akamaliza, ankakwera ndi kutsika masitepe a thabwa mpaka malaya kunyowa. "Inu" uja anatha osatsazika, panatsala "iwe".

"Doli wanga, ukandigwira kakolo mtima umathamanga kuposa winga wa timu yathu."

"Nyamula thumbalo, Wili. Mtima sindiyeza ine."

"Uyeze, uchi wanga. Ika dzanja apa, ukanikize ndi mphamvu zako zonse. Uona ngati ugonje."

"Iwe, Mayi Ketilina akumva!"

Mayi Ketilina sankamva. Nthawi zambiri ankakhala kuwodi ya ana opuwala miyendo ndi poliyo, ndipo chimene Dolika wanena pa zoyeza, iwo ankachikhulupirira.

Loweruka masana awiriwo ankadutsa pamsika wa Kapata, n'kugula mzimbe ndi mtedza wokazinga, n'kukakhala pamwala m'mbali mwa phiri, tauni yonse ili pansi pawo. Inali nthawi ija akuluakulu ankaiwalabe n'kumaitchula Chipata kuti Foti Jemusoni. Zonse zinali zatsopano: mbendera, ndalama, maina. Achinyamata ankaona ngati dziko lapangidwira iwo.

"Chigoli changa choyamba ndikachira ndi chako, nyenyezi yanga."

"Anyamata ampira mumanena zomwezo kwa aliyense."

"Ine ayi! Ndikadzakusiya, dzanja ili lidzaume!"

Dolika anabisa nkhope m'chitenje. Mawu amenewo anawasunga, n'kumawabwereza yekha pochapa, potunga madzi, ngakhale m'tchalitchi, Mulungu amukhululukire.

Mwendo unafika pa zinayi mvula itangosiya.

Tsiku lina Wilbroad analowa m'chipindamo ali wefuwefu.

"Doli! Kukubwera bambo wa timu ya ku migodi, kudzasankha anyamata! Amene wasankhidwa, ntchito pa mgodi, nyumba ya magetsi, jombo zatsopano! Koma a kochi Benson akanitsitsa. Akuti, 'Sindikuika m'bwalo mpaka akuchipatala atanena kuti zisanu. Sindikufuna kukunyamula pa machira kachiwiri.' Ndiyeze, Doli, ndiyeze msanga!"

"Ndiye ukasankhidwa upita?"

"Funso limenelo? Ndingatsalirenji kuno? Ku migodi ku Kopabeliti bwalo limadzaza mpaka m'mitengo! Dzina langa lidzamveka pa wailesi!"

Analankhula za wailesi. Analankhula za jombo, za sitima, za suti yomwe adzagule. Dolika ankadikira kuti dzina lake litulukemo penapake. Linatuluka kumapeto, ngati chinthu chokumbukira pakhomo.

"Iwe usadandaule, ndizikulembera."

Ndizikulembera! Bambo ake a Dolika ananenanso chimodzimodzi pokwera lole ya ku migodi, iye ali kumbuyo kwa amayi ake. Anasanduka mtchona. Kwawo ku Chipangali amayi ake anakalamba akuyang'ana kumsewu.

Wilbroad anakhala pathebulo, n'kuwongola bondo. Dolika anagwira pamwamba pa kakolo, n'kukanikiza. Mwendo sunasunthe. Anawonjezera mphamvu, phewa lonse, thupi lonse. Zinali ngati akukankha nthambi ya mubanga.

Zisanu. Dzanja lake linadziwa mtima usanavomere.

"Nanga? Nena, wapamtima!"

"Zinayi," anatero Dolika, maso ali pansi. "Kwatsala pang'ono."

Liwu limodzi lokha! Koma bodza lili ndi njala, limafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Akanapitiriza bwanji kunena zinayi, mwendo ukukana kutsika mwini wake akuona?

Lamulo loyamba limene Mayi Ketilina anamuphunzitsa linali lakuti mwendo uyezedwe usanatope. Dolika analitembenuza.

"Kuyambira lero tiziyamba ndi matumba ndi masitepe. Kuyeza kumapeto."

"Chifukwa?"

"Mpira sumausewera utapuma. Nyamula."

Zinamveka zanzeru. Wilbroad ankanyamula mchenga mpaka ntchafu kunjenjemera, n'kukwera masitepe mpaka kuona chizungulire. Akakhala pathebulo, dzanja la Dolika linkautsitsa mwendo uja iye akuona ndi maso ake.

"Waona wekha, Wili. Zinayi."

"Aa, koma ndikamayenda ndimaumva ngati wachira!"

"Kumva ndi kuyeza n'zosiyana."

Mnyamata anasowa mtendere. Chakudya sichinkamulowa. Ankadzuka n'kumazungulira nyumba, n'kumaumenya mwendo wake ndi chibakera ngati ng'ombe yokana goli. Dolika naye ankadzidzimuka chitseko chikangolira. Ankadziuza kuti mawa anena zoona. Mawa likafika, ankaona lole ija m'maso mwake, n'kunenanso kuti zinayi.

Bambo wa ku migodi anabwera. Wilbroad anaonera masewerowo ali kunja kwa mzere, manja ali m'thumba. Anasankhidwa Alfonsi. Alfonsi, yemwe ankalowa m'bwalo pokhapokha Wilbroad akatopa!

Madzulo ake, pamwala paja, mnyamata wamphamvu uja analira ngati mwana, mutu uli pamiyendo ya Dolika.

"Zatha, Doli. Ndiwe wekha wanditsalira. Iwe wekha ndiye sunandinamizepo."

Dolika ankamusisita mutu. Si izi ankafuna? Si uyu ali pano, sanapite? Nanga bwanji sankakondwa?

Patapita masiku, Wilbroad anafika kuchipatala m'mamawa kuposa nthawi yake. Dolika anali atatumidwa kukadzaza mchenga m'matumba. M'chipindamo munali Mayi Ketilina okha.

"Amayi, ndabwera kudzatsazika. Mafizo ndasiya. Ndikupita kumudzi ku Mtenguleni, ndikathandize amalume kulima thonje. Mwendo uwu wakana."

"Wakana? Takhala apo, mwana wanga, ndiuone ndekha usanapite."

Mayi Ketilina anali mzimayi wa thupi lake. Anagwira kakolo ndi dzanja limodzi, n'kukanikiza. Anawonjezera lachiwiri. Anatsamira ndi thupi lonse mpaka magalasi anatsetsereka pamphuno. Mwendo unangoti nji! Anatenga tepi, n'kuyeza ntchafu zonse ziwiri.

"Iwe mwana, ukundiseka? Mwendo uwu ndi wa zisanu, ndipo si za dzulo ayi. Ntchafu zako zafanana kalekale."

"Koma Dolika akandiyeza umatsika, amayi. Ndimaona ndi maso anga."

"Amakuyeza nthawi yanji?"

"Tikamaliza matumba ndi masitepe."

Mayi Ketilina anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?"

Wilbroad anatsegula pakamwa kuti ayankhe, yankho n'kumuwaza madzi ozizira. Kuyambira tsiku lomwe anabwera ndi nkhani ya ku migodi.

Chitseko chinatseguka. Dolika anaima pakhomo, matumba ali m'manja. Anaona mwendo uli chiwongolere, tepi ili m'manja mwa Mayi Ketilina. Thumba limodzi linagwa, mchenga n'kumwazika pasimenti.

"Doli, ndiuze kuti unalakwitsa. Ndiuze kuti sunkadziwa, ndikukhulupirira pompano!"

Dolika anawerama, n'kuyamba kuwola mchenga uja ndi manja.

"Unkadziwa? Unkandiona ndikulira pamiyendo pako, ukudziwa? Unkandisisita mutu ndi dzanja lomwelo?"

"Wili, ndimvere..."

"Usanditchule! Amene anandithyola mwendo pabwalo anabwera kudzapepesa, ndipo sanachitire dala. Koma iwe! Unandithyola tsiku ndi tsiku uku ukumwetulira!"

Anatuluka osatsimphina n'komwe, chitseko n'kumenyetsa.

Mayi Ketilina sanakalipe, ndipo zimenezo ndizo zinapweteka kwambiri.

"Dzanja loyeza likanama, mwana wanga, wodwala alibenso kwina kokafunsa. Kuyambira lero uzikachapa mabandeji. Wodwala sumugwiranso mpaka nditanena."

Dolika anachapa mabandeji sabata yonse, misozi ikugwera m'beseni. Anapita ku Kapata kawiri, kawiri konse anauzidwa kuti Wilbroad kulibe, jombo zake zili pakhonde. Mtima wake sunkakhazikika. Akamva belu la njinga ankathamangira pawindo. Akamva ana akukuwa "Chigoli!" kuseri kwa mpanda ankatseka makutu.

Za ulendo wa Wilbroad anamuuza ndi a kochi Benson, atakumana nawo pachipata cha chipatala.

"Mnzako uja akukwera basi ya ku Lusaka mawa. Akuti akagogoda yekha pa zipata za matimu a ku migodi mpaka wina amuyese. Ndamuletsa, wakana. Malo ake anatenga Alfonsi, koma mwana uja ndi wamakani."

M'mawa mwake pasiteshoni panali piringupiringu. Matumba a mtedza ankakwezedwa padenga, nkhuku zikulira m'madengu, kondakitala akukuwa kuti otsalira adziwa okha. Wilbroad anali pamzere, kasutikesi m'manja, jombo zitapachikidwa m'khosi.

"Wili!"

Sanatembenuke.

"Wilbroad, chonde!"

"Mwabwera kudzandiyeza, achemwali? Ndayenda wapansi kuchokera ku Kapata, ndatopa bwino. Ino ndiye nthawi yanu."

"Achemwali" ameneyo anamulasa kuposa mbama.

"Ndinalakwa. Sindikukana. Ntchito yanga ndaiwononga, mwayi wako ndauwononga. Sindikuti usapite. Pita, mwendo uli bwino, ukagoletsa."

"Ndiye mwadzatani?"

"Sindikudziwa!"

"Simukudziwa? Inu mumadziwa zonse, mumawerenga mphamvu za anthu ndi zala!" Ulemu wonamizira uja unagwa. "Ndinakupatsa mtima wonse, Doli. Ndinakubisira chiyani? Ndinakulakwira chiyani? Unkafuna ndikhale wopunduka kuti uzindinyamulitsa mchenga mpaka imvi?"

"Ayi!"

"Nanga unkafuna chiyani? Nena! Basi ikunyamuka!"

Injini inalira. Amayi ogulitsa nthochi anasiya kuitanira malonda, n'kumawayang'ana. Kondakitala anamenya chitseko ndi chikhatho. Phazi limodzi la Wilbroad linali kale pa sitepe, koma maso ake, ofiira, anali pa iye.

Dolika anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Manyazi anali atatha, panalibenso choti ateteze.

"Ndinkafuna undifunsire, Wili! Ndinkadikira tsiku ndi tsiku kuti unene. Ndinkafuna utume amalume ako kwathu ku Chipangali usanakwere basi iliyonse, kuti popita uzipita uli mwamuna wanga, ine ndizikudikira ndi dzina lako, kapena unditenge ndikavutike nawe komweko. Zimenezo basi. Ndipo ndikuzifunabe."