Kapu ya Ulusi Wofiira

Kapu ya Lufina inkakhala payokha pawindo, itamangidwa ulusi wofiira pachogwirira. Anaimanga ndi apongozi ake, aNangozo, ataona kuti Lufinayo, mkazi wa mwana wawo Maliro, wayamba kuonda, manja akunjenjemera, khosi litatupa, maso atatong'oka.

"Matenda amenewa timawadziwa, ngoyendayenda," ankatero pamsika wa Nsipe uku akugulitsa tomato. "Kudya ngati anthu atatu koma osanenepa!"

Kuchipatala ananena kuti vuto ndi chithokomiro, ndipo anamupatsa mapiritsi, koma matendawo sankawamva. Maliro sanamuikire kumbuyo mkazi wake. Mkuluyu analibe pakamwa pakepake, ankabwereka pa amake. Ankhoswe ataitanidwa, aNangozo anathamangitsa okha nkhuku ya chisudzulo n'kuiponya pamapazi a Lufina. Kenako anakokera Yankho, kamtsikana ka Lufina, m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

"Mdzukulu wanga sapita ndi mtembo woyenda. Mungamupatsire."

Lufina anabwerera kwawo ku Kasinje akulira, nkhuku kukhwapa, mwana akukuwa kumbuyo.

Mlongo wake Mfundo, yemwe ankagwira ntchito ku Joni, anamuitanitsa. Kumeneko dokotala wina anamufotokozera kuti matendawa sapatsirana. Asilikali a m'thupi mwake momwe ndiwo anasokonekera, n'kumakolezera chithokomiro kuti chizigwira ntchito mopyola muyeso. Panali mankhwala atsopano amene ankayesedwa, ochepetsa asilikali osokonekerawo, ndipo Lufina anavomera kulowa nawo m'kafukufukuyo. Sabata iliyonse singano ikamalowa, iye sankapempherera moyo wokha ayi. Ankapempha kuti aNangozo asafe msanga.

Mtima unasiya kuthamanga, manja anakhazikika, thupi linabwerera. Madokotala anati azibwerabe kudzapimidwa, koma anamulola kukaona kumudzi.

Anafika pa Nsipe masana dzuwa likuswa mtengo, ali ndi Mfundo ndi ankhoswe a mbali zonse. Maliro atamuona anagwetsa khasu.

"Amake Yankho, ndinu? Kodi munachira? Tiyeni tikambirane, ine sindinafune..."

"Munafuna liti kanthu inu?" anatero Lufina osamuyang'ana n'komwe. "Ndabwerera mwana wanga."

ANangozo anatulukira, chitenje chikukwekwereka. "Mwana uti? Inu munabwera pano chitengwa. Mwanayu ngwa pakhomo pano!"

"Chitengwa si lobola, amayi," anayankha Mfundo mofatsa. "Munapereka ng'ombe zingati kwathu? Nkhuku ya chisudzulo munaigwira ndi manja anu. Banja likatha, mwana ndi mbumba yanga."

Nkhoswe ya Maliro inayang'ana pansi. "Akunena zoona, achemwali. Ndinakuuzani kuti musapupulume. Mwanayu ankatsalira kuno poti mayi ake ankadwala, ndiye mayi ake ndi awa, achira."

Yankho anatuluka pang'onopang'ono, nayang'anitsitsa. Atamva mawu akuti "Bwera, mwanawe," anathamanga n'kudziponya m'miyendo mwa amake. Lufina analira, ndipo sanabise.

Apa aNangozo anagwada pafumbi, munthu woti sankagwadira ngakhale abusa. "Mwana wanga, khululukani. Mdzukulu ndili naye yekhayu. Ndifa ine mukamutenga!"

Lufina anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo kunena zoona mtima wake unakoma. Analowa m'nyumba muja. Kapu ija inali pomwe paja, yodzaza fumbi, poti palibe amene analimba mtima ngakhale kuitaya. Anaitsukuluza, natunga madzi mumtsuko.

"Kukhosi kwauma ndi kulira, amayi. Imwani. Mukamwera m'menemu anthu onsewa akuona, Yankho azibwera kudzakuonani sukulu akatsekera. Mukakana, muzimumvera kwa anthu."

Amayi a pamsika anali atadzadza kale kumpanda, makosi atasolola. ANangozo anayang'ana kapu, anayang'ana mdzukulu, kenako anailandira ndi manja awiri. Ulusi wofiira unkagwedera, madzi akutayikira pachitenje, koma anamwa mpaka kugugudiza.

Lufina anamugwira dzanja Yankho, natembenuka.

"Manjatu akunjenjemera, amayi," anatero mokweza kuti akumpanda amve. "Samalani, anthu a pa Nsipe sachedwa kunena."