Malo Amene Lisa Anasungira Anzake

...eya, Lisa yemweyo, msuweni wanga wa ku Area 3 uja kkkk. Nyimbo yake inali imodzi basi, yoti iye anasintha. Akuti ali Fomu 1 anali chilombo, koma pano Fomu 4 palibe mtsikana wofatsa ngati iye pasukulu ponse. Amachita kutchula mayina a anzake omwe, akuti Tabitha ndi wamwano, Immaculata wamiseche, iye yekha mngelo kkkk. Chonsecho akuyankhula zimenezo atangomuuza kumene Eveless wa m'kalasi mwawo, pagulu, kuti juzi yake ikununkha kaunjika wa mumsika. Munthu akakwiya, Lisa amati iwe uzithokoza, likanakhala kale bwenzi nditakumenya. Umboni wake wonse unali umenewo, woti anasiya kumenya anthu.

Ndiye mu Juni amalume, bambo ake a Lisa, anagwa ku ofesi ku City Centre. BP. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale.

Mukudziwa mmene zimakhalira kholo la mwana wasukulu likamwalira. Kalasi imabwera mu yunifomu kudzayimba panja, koma anzako apamtima amalowa m'nyumba kudzakhala nawe pamphasa. Lisa, maso ali otupa, anandinong'oneza kuti ndisunge malo, anzake abwera ambiri. Ndinachita kuwapempha azimayi a kutchalitchi kuti asendereko, ena mpaka anatuluka kukakhala pakhonde.

Kalasi inabweradi pamodzi ndi aphunzitsi. Anayimba bwino pansi pa tenti, mawu amamveka mpaka m'nyumba. Koma wolowa panalibe. Nyimbo inatha, ina inayamba, mphasa ili mbee. Mayi wina anafunsa ngati anzake aja akubwerabe, poti anthu akuluakulu akupsa ndi dzuwa panja. Lisa maso anali pakhomo. Anandituma ndikawayitane Tabitha ndi Immaculata. Tabitha anati pepani, ali bwino pomwe alipo. Immaculata anangoyang'ana pansi ngati sanandimve.

Nditabwerera ndekha, Lisa anadziwa. Analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa kuja, chamumtima, nkhope ataibisa m'chitenje. Azimayi anayamba kubwerera m'malo mwawo mmodzimmodzi.

Malo atatsala pang'ono kutha, Eveless analowa chowerama, nakhala pambali pa Lisa. Sanamugwire, sanamupepese, anangokhala. Patapita nthawi Lisa anatulutsa nkhope. Chibadwire sindinamumvepo akufunsa munthu za khalidwe lake, amangotiuza. Koma apa anafunsa.

"Eve, kodi ineyo ndine woipa choncho? Si ndinasintha?"

Eveless anakonza chitenje chake, maso ali pabokosi.

"Lisa, wandiliza sabata yomwe ino. Ndalowa chifukwa mayi anga atamwalira ndinakhala ndekha pamphasa, ndikudziwa mmene zimawawira. Zinazo tidzakamba ukabwera kusukulu. Sendera kuno."