Firiji Yofunda Bulangeti

Keziah amakhala ku Palabana. Ali ndi mnzake wapamtima. Dzina lake ndi Trinity. Nyumba zawo ndi zoyandikana. Pakati pali mpanda wa udzu. Pampandapo pali kaboo. Keziah ndi Trinity amadutsira pomwepo.

Keziah ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumwa mkaka wozizira pamodzi ndi Trinity.

Mkaka unalipo. Kwa a Keziah kunali ng'ombe. Koma dzuwa la Okutobala lilibe chisoni. Mkaka wa m'mawa unkasasa masana asanakwane.

Tsiku lina atate a Keziah, Ba Norbert, anapita ku Chongwe. Anakasankha firiji. Sanasankhe yaikulu. Anasankha yakale koma yolimba. Anaika dzanja m'kati. Munali mozizira bwino.

Firiji inabwera Lamulungu, anthu ali kutchalitchi. Inabwera pa kagalimoto. Inali itaimirira. Anali ataiphimba ndi mapesi.

"Amayi, mapesi ni ya chani?" anafunsa Keziah.

"Maso ya anthu, mwana wanga," anayankha amayi. "Chinthu cha nyowani sichifuna maso yambiri."

Koma maso awiri analipo. Amake Trinity sanapite kutchalitchi tsiku limenelo. Ankayanika zovala pafupi ndi mpanda.

"Mwauka bwanji, aneba?" anatero amake Trinity. "Koma mapesi yanu ni yatali!"

Amake Trinity anaseka. Amayi a Keziah sanaseke.

Firiji inalowa m'chipinda chakumbuyo. Ndi chipinda chosungiramo matumba a chimanga. Atate anaikankhira pakona. Anaigunditsa kukhoma. Amayi anatseka zenera ndi thumba. Kenako anatenga bulangeti lalikulu, lija la alendo. Anaifunditsa firiji yonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Fumbi isalowe," anatero amayi. "Na maso yasalowe."

Firiji yofunda bulangeti mu Okutobala! Koma palibe amene anaseka.

Madzulo atate anailumikiza kumagetsi. Amayi anaikamo mkaka.

"Osauza munthu," amayi anauza Keziah. "Olo Trinity."

Tsiku lotsatira masana, Keziah ankasesa m'nyumba. Anamva mawu. Anasiya kusesa. Mawuwo ankachokera kuchipinda chakumbuyo.

Huuu... huuu... huuu... tha!

Kenako kunali zii.

Galu wawo anaima pakhomo. Anaimika makutu. Anakana kulowa.

Huuu... huuu... huuu... tha!

Timadzi tinatuluka pansi pa chitseko. Tinayenda pang'onopang'ono. Tinafika paphazi pa Keziah. Keziah anataya tsache. Anathawira panja.

Madzulo amayi anatsegula firiji. Ananunkhiza mkaka. Mkaka unali utasasa.

Tsiku linanso zinali chimodzimodzi. Firiji inabuula. Timadzi tinatuluka. Mkaka unasasa.

"Ku Chongwe inali chabe bwino," anatero atate. "Ninaiyesa na manja yanga."

"Manje yalowa chani?" anafunsa amayi.

Amayi anatsitsa mawu.

"Wina watitumizila chinthu," anatero. "Anaiona ni ndani? Amake Trinity chabe."

M'mawa amayi anatenga udzu ndi luzi. Anatseka kaboo ka pampanda. Anamanga zolimba.

"Usayendeko futi kuja," anauza Keziah.

"Koma amayi, Trinity ni mnzanga!"

"Nakamba, nakamba," anatero amayi.

Masana Trinity anafika kuseri kwa mpanda. Keziah sanamuone. Anangomva mawu ake.

"Keziah! Bwela tisewele chiyato. Nasankha tumiyala twabwino."

Keziah sanayankhe.

"Keziah, nakulakwila chani?"

Keziah anakhala pansi. Misozi inagwera pamawondo ake.

Loweruka atate ndi amayi anapita ndi ng'ombe kudibi kukazisambitsa. Keziah anatsala yekha.

Dzuwa linafika pamutu. Mphepo kunalibe. Nkhuku zinabisala pansi pa mtengo, kukamwa kuli yasa. Pakhomo ponse panali zii.

Huuu... huuu... huuu... tha!

Keziah anafuna kuthawa. Koma athawire kuti? Kaboo kanali kotseka.

Anaganiza za Trinity. Anaganiza za timiyala ta chiyato.

"Nifuna nichione," anadziuza yekha.

Anayenda monyang'ama. Anaponda timadzi tija. Anagwira chitseko. Chitseko chinalira kuti kweee.

M'chipinda munali mdima. Munali motentha ngati mu uvuni. Pakona panaima chinthu chachitali. Chinali chitafunda bulangeti. Chinalibe nkhope. Chinalibe manja.



"Ndiwe ndani?" ananong'ona Keziah.

Huuu... huuu...

Bulangeti linkanjenjemera.

Keziah anatseka maso. Anatambasula dzanja. Anakhudza bulangeti cha kumbuyo.

Linali lotentha! Linali lotentha kwambiri.

Keziah anatsegula maso. Anakhudzanso. Kutentha kumeneku ankakudziwa.

Chaka chatha Keziah anadwala malungo. Thupi lake linatentha. Ananjenjemera. Anabuula. Analirira bulangeti, koma amayi anakana. Anamuchotsa bulangeti. Anatsegula zenera. Anati thupi lotentha limafuna mphepo.

Keziah anayang'ana chinthu chija. Chinkatentha. Chinkanjenjemera. Chinkabuula.

"Iwe sindiwe chilombo," anatero Keziah. "Wadwala chabe."

Anapukuta manja ake pa diresi mpaka anauma. Anazimitsa magetsi pakhoma, monga atate anamuphunzitsira. Kenako anakoka bulangeti. Anakoka. Anakokanso. Bulangeti linakana. Linali litapanikizika pakati pa firiji ndi khoma.

Keziah anakankha firiji. Firiji sinasunthe. Mutu umodzi susenza denga.

Anathamangira kumpanda. Mawu a amayi anawakumbuka. Komabe anaitana.

"Trinity! Trinity! Bwela na amayi ako!"

Trinity anabwera akuthamanga. Anazungulira kuchipata. Amake anabwera pambuyo. Anaima pakhomo. Sanalowe.

"Amayi ako sanipatsa moni masiku yano," anatero amake Trinity. "Nilowe bwanji mu nyumba mwawo?"

"Napapata," anatero Keziah. "Firiji yathu yadwala malungo."

"Firiji?" anadabwa amake Trinity. "Oho! Ndiye mapesi yaja!"

Analowa. Onse atatu anagwira firiji. Anakoka pamodzi. Firiji inasuntha pang'ono. Anakokanso. Bulangeti linagwa pansi kuti khu!

Kumbuyo kwa firiji kunali fumbi. Kunali ubweya wa bulangeti. Kunali kotentha kosagwirika.

Trinity anachotsa thumba pazenera. Kuwala kunalowa. Kamphepo kanalowanso. Amake Trinity anatenga katsache kouma. Anasesa fumbi lonse mosamala.

Chinthu chachitali chija sichinalinso choopsa. Inali firiji chabe. Inali yoyera, yokandika pang'ono pachitseko.

Mwadzidzidzi mthunzi unagwa pakhomo. Onse anatembenuka. Anali amayi a Keziah. Kumbuyo kwawo kunali atate.

Amayi anayang'ana firiji. Anayang'ana amake Trinity. Anayang'ana Keziah.



"Ndine ninawaitana," anatero Keziah. "Amayi, gwilani bulangeti iyi."

Amayi anawerama. Anagwira bulangeti. Linali lidakali lotentha.

"Pamene ninadwala malungo munanichotsa bulangeti," anatero Keziah. "Munakamba ati thupi yotentha ifuna mphepo."

Atate anakanda m'mutu.

"Ni zoona," anatero. "Ku shopu inali poyela. Sinafunde chilichonse. Firiji ichotsela moto wake kumbuyo. Ise tinaitseka mphuno."

"Nanga manzi yaja?" anafunsa amayi.

"Ni aisi inali kusungunuka," anayankha atate.

Onse anadikira kuti firiji ipume. Palibe amene anachoka. Kumbuyo kutazizira, atate anayatsa magetsi.

Onse anatchera khutu. Trinity anagwira dzanja la Keziah.

Mmmm... mmmm... mmmm...

Firiji inalira motsitsa, ngati mphaka wokhuta. Anadikira kuti amve tha! Anadikira. Anadikirabe. Tha sanabwere.

Galu analowa. Ananunkhiza firiji. Anagona pansi.

Amayi a Keziah anachita manyazi. Anagwira dzanja la amake Trinity ndi manja awiri.

"Aneba, nikhululukileni," anatero. "Ninamuganizilani zoipa."



"Zinaniwawa," anatero amake Trinity. "Koma zasila. Ine ninaseka chabe mapesi."

Madzulo atate anakama ng'ombe. Amayi anawiritsa mkaka. Utapola anauika mufiriji.

M'mawa Keziah anadzuka msanga. Anamva phokoso kumpanda. Anasuzumira. Amayi anali ndi mpeni. Ankadula luzi lija. Ankachotsa udzu uja. Anachotsa wambiri kuposa umene anaika.

"Itana mnzako," anatero amayi.

Trinity anadutsa pakaboo. Amayi anatsegula firiji. Anathira mkaka m'makapu awiri.

Keziah anamwa. Trinity anamwa.

"Mayo! Mano yanga!" anakuwa Trinity.

"Na yanga!" anakuwa Keziah.

Onse anaseka. Anamwanso.

Tsopano firiji ili pabalaza. Siigunda khoma. Siifunda kanthu. Aliyense amaiona. Bulangeti linabwerera kwa alendo.

Ndipo kaboo ka pampanda si kaboonso. Kanakula. M'mawa uliwonse amake Trinity amadutsirapo, chigubu cha mkaka wawo chili m'manja. Safunikanso kuwerama.