Ndani Wadya Mavoti?

Uyu ndi Tiyanjana. Amakhala ku Lungwena. Ndi kaputeni wa timu ya mpira wamanja. M'timu muli atsikana asanu ndi awiri.

Koma timu yake imangoluza. Loweruka lino, kuluza. Loweruka linalo, kuluzanso. Gawo loyamba amasewera bwino. Gawo lachiwiri miyendo imangoti lende!

Awa ndiye womwetsa zigoli. Tsiku lina anakwiya.

"Walahi, tikaluzanso ine ndisiya," anatero Awa.

Tiyanjana anachita mantha. Awa akasiya, atsala asanu ndi mmodzi. Timu itha basi.

Amayi ake a Tiyanjana amatsogolera gulu loyanika usipa. Pakagwa vuto, amaitana msonkhano. Aliyense amalankhula. Kenako amavota ndi timiyala.

"Amayi, inenso ndiitana msonkhano," anatero Tiyanjana. "Koma timiyala ayi, ndi tauve. Ife tivota ndi mtedza."

"Mtedza?" anafunsa amayi. Anangomwetulira. Anamupatsa mtedza wokazinga.

Lachisanu ataweruka kusukulu, timu inakhala pansi pa mtengo wa mango. Tiyanjana anagawa mtedza. Aliyense analandira njere zitatu.

"Malamulo ndi awiri," anatero. "Amene wagwira mpira ndiye alankhule. Ndipo tchulani vuto, osati munthu."

Dorika anatenga mpira. "Vuto ndi Mariya!"

"Vuto, osati munthu!" anatero Tiyanjana.

"Chabwino. Vuto ndi miyendo ya Mariya."

"Iii! Nanga iwe, manja ako a therere?" anakuwa Mariya.

"Mariya, ulibe mpira. Dikira," anatero Tiyanjana.

Anayambanso bwinobwino.

"Mpira wathu umaphwa," anatero Awa. Tiyanjana anajambula mpira pamchenga.

"Golo wathu ndi wopendekeka," anatero Mariya. Tiyanjana anajambula golo.

"Mbuzi ya a Jaffalie imalowa m'bwalo," anatero Dorika. Tiyanjana anajambula mbuzi.

"Bwato limenelo?" anafunsa Awa.

"Ndi mbuzi! Sukuona nyanga?"

Tiyanjana anaimirira. "Mavuto ndi atatu. Sitingathetse onse lero. Ikani mtedza pa vuto lalikulu."

Palibe anaika mtedza.

Awa anayang'ana kumwamba. Dorika anayang'ana zala zakumapazi. Mariya sanayang'ane kulikonse, koma tsaya lake linkagwedera.

"Mavoti ali kuti?" anafunsa Tiyanjana.

"Ndimangolawa kamodzi," anatero Dorika.

"Ine anga anali okoma," anatero Mariya.

"Mwadya mavoti! Mulibe manyazi? Onani ine!" Tiyanjana anatambasula dzanja lake.

Mayo ine! M'dzanja munali timakoko tokha. Kaputeni nayenso anali atadya mavoti ake!

Pomwepo mimba yake inalira, "Gurururu!"

Atsikana anaseka mpaka kugwa chagada. Tiyanjana anachita manyazi. Kenako nayenso anaseka. Kenako anaganiza.

"Wadya kanthu lero ndani?" anafunsa.

Palibe anakweza dzanja.

"Nanga Loweruka, tisanasewere?"

Awa anatenga mpira. "Timatunga madzi. Timayanika usipa. Timathamangira kubwalo. Kudya ndi pobwerera."

"Eetu!" anavomera onse.

Tiyanjana anajambula chimimba chachikulu pamchenga. "Tivotenso," anatero. "Koma tsopano tolani timiyala."

Timiyala tonse tinagwera pachimimba. Mpira unalibe voti. Golo analibe voti. Mbuzi ya a Jaffalie inabwera, inanunkhiza timakoko, n'kupita.

"Tiyamba ndi njala," anatero Tiyanjana. "Mpira ndi golo, sabata yamawa. Ndani abweretsa chiyani?"

"Ine chinangwa chophika," anatero Awa.

"Ine usipa wootcha," anatero Dorika.

"Ine mimba," anatero Mariya.

"Mariya!"

"Chabwino, nthochi."

Loweruka linafika. Anadya kaye. Anapuma pang'ono. Kenako analowa m'bwalo.

Gawo loyamba anasewera bwino. Gawo lachiwiri miyendo sinati lende. Mariya anathamanga. Dorika anawakha mpira. Awa anaponya. Golo! Anapambana ndi chigoli chimodzi chokha.

"Awa, usiyabe?" anafunsa Tiyanjana.

"Ndisiye? Nanga chinangwa changa ndidya ndi ndani?"

Tiyanjana anamukumbatira. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

Kunyumba anapeza amayi akutembenuza usipa.

"Mavoti anayenda bwanji?" anafunsa amayi.

"Tinadya onse, amayi."

Amayi anaseka mpaka misozi. "N'chifukwa chake ife timavota ndi timiyala, mwanawe!"

"Koma mtedza ndi umene unatiuza vuto," anayankha Tiyanjana.

Amayi anagwedeza mutu. "Wanena zoona, kaputeni."

Anatulutsa mtedza wotsala. Anakhala pamkeka awiriwiri. Anadya wonse, osavota.