Nsapato Zosatha Kusoka

Alamu ake atamupeza akudula ulusi pa nsapato ya mwana, Mtengwa anadziwa kuti mtendere watha m'nyumbamo.

Anali kukhitchini, lezala kumanja, thumba la nsapato zakale pambali. Nsapatozo apongozi ake anali atazisoka tsiku lomwelo, ndipo iye ankaphwasula misoko monga ankachitira madzulo alionse. Alamuwo, mlongo wamkulu wa mwamuna wake, anali atabwera kudzaona bambo awo patapita nthawi yaitali osaponda pakhomopo. Anaima manja ali m'chiuno, n'kufunsa ngati maso awo akuona bwino.

Mtengwa, dzina limene linamukakamira chilowereni m'banjamo ngakhale tsopano anali ndi ana a sukulu, anafotokoza mosabisa. Apongozi akewo, amene aliyense ankangowatcha a Shumeka, anasoka nsapato moyo wawo wonse mpaka mutu unayamba kuwathawa. Mayina a ana awo anawaiwala. Njira ya kubafa ankachita kufunsa. Koma manja sanaiwale kanthu, ndipo ukawasiya opanda ntchito ankalira n'kumagwedeza geti. Ndiye iye anawakonzera kachipinda kosungiramo katundu. Anaikamo benchi, nyundo ndi chitsulo chokhomerapo nsapato. M'mawa ankagogoda ngati kasitomala n'kuwapatsa zong'ambika. Madzulo ankazing'ambanso. Akuluwo ankadya bwino, n'kugona ngati khanda.

"Ndiye bambo anga mwawasandutsa chidole," anatero alamu. "Munthu wamkulu kumamupusitsa tsiku ndi tsiku, inu n'kumaseka kuseri."

Mtengwa anati palibe amaseka. Alamu sanamve. Anaitana mchimwene wawo, mwamuna wa Mtengwa, amene ntchito yake inali yoyendetsa lole, n'kumufunsa ngati anakwatira kapena anakwatiwa. Mwamunayo nkhani ya nsapato ankaidziwa kuyambira pachiyambi, mwinanso ulusi ankagula ndi iye, koma pamaso pa achemwali ake anangoyang'ana pansi n'kunena kuti mwina zasiyadi kuoneka bwino. Alamu ananyamula thumba lija n'kukaliponya kudzala. Anakhoma kachipinda, kiyi n'kuika m'chikwama chawo, kenako anamenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Tsiku lotsatira a Shumeka analitha ataima pa chitseko chokhomacho. Ankachikankha ndi phewa, kupuma, kukankhanso. Chakudya anakana. Alamu ankawauza kuti apume, agwira ntchito mokwanira, koma iwo ankangowayang'ana ngati mlendo wosokera. M'mawa mwake, Mtengwa akubwera koperekeza ana kusukulu, anapeza geti lili pululu, jekete la apongozi palibe pa msomali.

Anafunsa kwa aneba, kuchigayo, kwa ometa tsitsi. Palibe anawaona. Mwamuna wake ndi alamu anathamangira pa galimoto ku msewu wakale wa masitolo, kumene a Shumeka anali ndi shopu yawo msika usanasamuke. Anabwerako okhaokha. Anati chitseko cha kumaso n'chotseka, anaitana mpaka mawu kusasa, koma zii.

Apa alamu anatembenukira kwa Mtengwa, misozi ili mbwembwembwe. Anamufunsa amene anasiya geti losakhoma. Anati zonsezi zinayamba ndi masewera ake a nsapato, kukumbutsa nkhalamba zinthu zimene inayenera kuziiwala.

"Bambo anga akapezeka atafa, inu m'nyumba muno simudzagonamonso. Mudzanyamule zanu zokha, ana ndi athu."

Mtengwa anayang'ana mwamuna wake. Iye anali akupotokola makiyi a galimoto m'manja.

"Wamva," anatero mwamunayo motsitsa mawu.

Awiriwo anapita kukafunsa kuchipatala ndi kupolisi. Mtengwa analira pang'ono ataimirira pasinki, kenako anapukuta m'maso, chifukwa pamenepo panalibe womutonthoza. Ali pomwepo anakumbukira funso limene apongozi ankamufunsa m'mawa uliwonse asanalowe m'kachipinda kaja: ngati wophika buledi watsegula. Tsiku lina atawafunsa chifukwa, anamuyankha ngati akuyankha chitsiru, kuti chitseko cha kumaso cha shopu yawo chimakhomedwa cham'kati, ndiye munthu amalowera kwa wabuledi n'kutulukira kuseri. Mtengwa anavala masandasi ake n'kuuyatsa ulendo wapansi.

Msewu wakalewo anaupeza utafa. Udzu unamera m'ming'alu ya makhonde, zikwangwani zinafufutika ndi dzuwa, ndipo kumunsi kwake chikatapila chinali chitayamba kale kugumula. Fumbi linali tolo. Nyumba zinali zogundizana, khoma limodzi masitolo awiri, moti chikamenya kumunsi mawindo a kumtunda ankanjenjemera.

Shopu ya buledi sankaidziwa. Analowa pa chitseko choyamba chimene chinalola. Munali mojambulira zithunzi, pakhoma patatsala chinsalu chojambulidwa maluwa, chiswe chitachidya mpaka pakati. Anaitana "Bambo!", koma zinamuyankha ndi nkhunda zimene zinabuma kudenga. Yachiwiri inali ya telala, zidutswa za nsalu zitaolera pansi ndi chidole chopanda mutu chitagona pakona, chimene poyamba anachiyesa munthu. Yachitatu munali mashelefu okhaokha ndi fungo la mileme. Potuluka anaponda botolo losweka, linamucheka chala, koma sanaime. Nyumba iliyonse imene ankaipeza yopanda munthu, mtima unkamuuza kuti apongozi ake ali m'zimene zagwa kale zija.

Anaona chumuni chakuda kudenga la nyumba ina. Analowa, n'kupeza uvuni wa njerwa wotsegula kukamwa ndi mathireyi adzimbiri. Pa fumbi la pansi panali mapazi a munthu wokoka mwendo umodzi, monga ankayendera apongozi ake. Anawatsata mpaka kuseri, koma kumeneko mapazi anathera mu udzu wofika m'chiuno, ndipo zitseko za kuseri zinali ndandanda, zonse zofanana. Anaitana, koma phokoso la injini linameza mawu ake.

Anathamangira kumunsi n'kukaima patsogolo penipeni pa chikatapila, manja m'mwamba. Woyendetsa anamukalipira kuti ngati watopa ndi moyo akayesere kwina. Anati nyumbazo anaziyendera kale, mulibe ngakhale mphaka. Mtengwa anagwada pa zigumukirepo.

"Achimwene, zimitsani pang'ono chabe. Ndikapanda kumva kanthu, ndichoka ndekha."

Injini itazima, msewu wonse unangoti zii. Kenako, chapatali, kunamveka kugogoda. Kawiri mofulumira, kamodzi mochedwa. Kugogoda kumene iye ankaphikira, kuchapira ndi kusitira zovala zaka zonsezi. Anaimbira foni mwamuna wake ali kuthamanga.

Anawapeza atakhala pa benchi lawo lakale, m'chipinda cha mdima chonunkha nkhungu. Anali atatola nsapato imodzi youma gwa, akuikhoma ndi chidutswa cha njerwa. Pamwamba pawo mtanda wa denga unali utathyoka pakati, ukulendewera, ndipo khoma linali ndi mng'alu wolowa dzanja. Dothi linkawayoyokera pa imvi. Mtengwa anawapempha kuti atuluke. Osadzutsa mutu, anamuuza kuti shopu satseka ntchito ili m'manja.

Akadali kuwanyengerera, alamu ndi mwamuna wa Mtengwa anatulukira mu udzu muja. Alamu analowa molunjika n'kugwira bambo awo pamkono.

"Bambo, ndine mwana wanu, tiyeni kunyumba."

A Shumeka anakuwa kuti kwabwera akuba. Anakumbatira benchi ndi manja onse awiri, n'kumaponda. Mwamuna uja atayesa kuwanyamula, benchi linagunda khoma, njerwa ziwiri n'kugwa pafupi ndi mapazi awo. Alamu anakhala pansi pa fumbipo n'kuyamba kulira mokweza, kuti bambo awo enieni akuwatcha wakuba.

Mtengwa anawauza onse awiri kuti atuluke, ndipo ulendo uno palibe anatsutsa. Anavula sandasi imodzi, anaiponda, n'kukoka lamba mpaka anathothoka. Anaima kunja kwa chitseko, padzuwa, n'kugogoda pafelemu.

"Odi, a Shumeka. Mwatsegula?"

Kupuma kwa nkhalamba kunayamba kutsika. Anasiya benchi, anakonza jekete, n'kufunsa vuto ndi chiyani. Mtengwa anakweza sandasiyo, nati lamba wamuthera panjira ndipo ali ndi ulendo wautali. Anamuuza kuti abweretse. Iye anawaonetsa chala chamagazi chija, nati sangathe kuponda m'katimo opanda nsapato.

"Akazi inu kuyenda kwake," anadandaula a Shumeka. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa singano ya ngowe ndi ulusi zimene ankagona nazo. Anadzuka. Mtengwa anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, iwo n'kusendera. Anabwereranso, sandasi ili m'mwamba ngati akuitana nkhuku, mpaka anawafikitsa pakati pa bwalo. A Shumeka anakhala pa mulu wa njerwa n'kusoka lambayo mosathamanga, ana awo akuonerera chapatali, osayerekeza kutsokomola.

Akukwera galimoto, chikatapila chinalira. Sichinafike n'komwe pa shopupo. Chitangomenya khoma la wabuledi, denga la a Shumeka linakhala pansi lokha. Mwamuna wa Mtengwa anagwira pakamwa. Eni shopu sanacheuke, anali kalikiliki kuyang'ana ngati lamba wagwira.

Madzulo mwamunayo anabwera kukhitchini n'kuyamba mawu ataliatali opepesa. Mtengwa anamudula, nati mawu omuthamangitsa pakhomo aja anawamva ndipo sadzawaiwala msanga, koma pakali pano akagule ulusi sitolo isanatseke. Anapita mothamanga. Kenako analowa alamu, atakoka thumba lija kuchokera kudzala, lonyowa, makoko a mazira atamatirira. Anaika kiyi patebulo. Anakhala, anavula nsapato yawo yachikopa, yokongola, n'kutola lezala.

"Mumayambira pati?"

"Chakuchidendene. Ulusi wokha, mukacheka chikopa amakwiya."

M'mawa mwake kasitomala woyamba anali alamu. Anagogoda, n'kupereka nsapato yawo ija. A Shumeka sanawayang'ane kumaso. Anatembenuza nsapatoyo, anaona mmene inadyekera, kenako anawauza kuti aponde pa benchi. Anagwira phazilo m'manja nthawi yaitali, chala chikuyenda m'mbali mwake.

"Phazi ili ndikulidziwa," anatero. "Limadya chidendene cha kunja. Kuyambira lili kusukulu ndakhala ndikuliuza kuti liziponda bwino."

Alamu anagwira felemu, misozi ikugwera pa benchi. Mtengwa anawasiya choncho n'kubwerera kukhitchini, chifukwa madzi anali atawira kale.