Malemu Aimba Foni ku Wailesi

Kwathu kunalibe chuma choti n'kunyadira, koma mtendere unalipo, ndi phokoso la mitundu iwiri: makina osokera a amayi pakhonde, ndi kawailesi kawo kokhala pamwamba pa mulu wa nsalu, kolongolola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo ankakonza mawotchi m'tauni. Ana tinalipo awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, yemwe tonse tinkamutcha Batani chifukwa akukwawa anameza batani la malaya a kasitomala, nyumba yonse n'kudikira masiku awiri kuti lituluke.

Rapu anaiphunzirira pa makina omwewo. Amayi akamaponda, iye ankalumikiza mawu motsata kugunda kwake, osapuma, mpaka amayi kuseka n'kukhotetsa msoko. Atamaliza sukulu n'kunena kuti akufuna kuimba hipihopu, sanamuletse. Anamusokera jekete yofiira ya mabatani asanu.

"Kaimbe, mwana wanga," anatero amayi pomuveka. "Koma uziimba zoti ine ndikamva ndisabise nkhope."

"Ndipo usamaname," anawonjeza bambo. "Ine anthu amandibweretsera mawotchi onama tsiku ndi tsiku. Ena amakonzeka, ena ayi."

Mwini situdiyo yomwe Batani anapitako anali mkulu wovala magalasi akuda ngakhale m'nyumba, moti onse ankangomuti Magalasi. Atamvera nyimbo yoyamba anapukusa mutu.

"Mawu uli nawo, mphwanga, koma mbiri yako njozizira. Bambo alipo, mayi alipo, wakula ukudya katatu. Ndani angakumvere chisoni? Kuyambira lero ndiwe wamasiye, unakulira mumsewu."

"Nanga amayi akamva?"

"Amva bwanji? Ali pa Tikitoki amayi akowo?"

"Ayi, kafoni kawo nkongoimbira."

"Ndiye basi. Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi anthu ake. Pa Watsapu uziika zithunzi za kutchalitchi, achibale asangalale. Pa Tikitoki tidula kachidutswa kolira ka nyimboyi. Pa Yutubu tiika kanema yense, uli pansi pa mlatho. Anthu amenewa sakumana."

Batani anavomera. Kanemayo ine ndinaonera pa foni ya mnzanga kuntchito: mlongo wanga, masaya ali phwii ndi chakudya cha amayi, atadzipaka fumbi, akudandaula kuti alibe woti amutchule mayi. Jekete yokha ndiyo sanaivule. Ndinamupeza tsiku lomwelo.

"Iwe Batani, makolo athu unawaika liti m'manda ine osadziwa?"

"Achemwali, ndi luso chabe limenelo. Taonani kuchuluka kwa anthu omwe aonera. Musawauze, chonde. Mwezi ukatha ndichotsa."

Ndinamumvera chisoni n'kutseka pakamwa, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Mwezi unatha, otsatira anachuluka, kanema wachiwiri anatuluka. Kunyumba Batani anayamba kubwera mozemba, akuyang'ana uku ndi uku. Tsiku lina amayi anamuitana pamsewu ali ndi anzake. Iye anangokweza dzanja, n'kuuza anzakewo kuti ndi telala wake. Amayi anafika kunyumba akumwetulira. "Mwana wanga watanganidwa masiku ano," anatero.

Kenaka Magalasi anamupezera mpata woyankhula pa wailesi Loweruka masana. Batani sanatiuze, poganiza kuti akangocheza za nyimbo zitha bwino. Koma wailesi yokha inalengeza dzina lake sabata yonse. Amayi anagula mabatire atsopano, naitana makasitomala ndi anansi. Pakhonde panadzaza. Amayi ankasoka chapansipansi kuti asaphonye mawu.

"Batani," anatero woulutsa mawu, "otsatira ako pa Tikitoki akudziwa kuti ndiwe wamasiye. Amayi anamwalira uli ndi zaka zingati?"

Ndinapemphera chamumtima kuti Batani anene zoona. Ankadziwa bwino lomwe pomwe kawailesi kaja kamakhala, ndi munthu yemwe amakhala pafupi nako.

"Zisanu ndi ziwiri," anayankha.

Makina anaima. Anansi anazyolika. Amayi sanalire, anapisa m'thumba la epuloni, natulutsa kafoni kawo, naimba nambala yomwe woulutsa mawu uja ankaitchula pafupipafupi. Mwa anthu onse oimba, foni yawo ndiyo inalowa.

"Tili ndi ndani pa foni?"

"Ndine malemu amayi ake a mnyamatayo," anatero modekha. "Ndimati ndimuuze kuti batani lachitatu la jekete ija likulendewera. Abwere nayo ndidzalisoke lisanagwe."

Anadula foni, nazimitsa wailesi.

Dzuwa lisanalowe mawu a amayi anali pa Tikitoki, pa Yutubu, pa Watsapu, paliponse. Anthu aja osakumana anakumana tsiku limodzi. Magalasi analemba pa tsamba lake kuti nayenso ananamizidwa, ndipo Batani atapita ku situdiyo sanamutsegulire. Omwe anamuitana kuti akawaimbire anasiya kuyankha foni. Mumsewu ana ankamukuwa kuti mwana wa malemu.

Patatha sabata Batani anatulukira pakhomo, ataonda ndithu ulendo uno, osati zodzipaka fumbi zija.

"Odi."

Amayi anapitiriza kusoka. Bambo ndiwo anadzutsa mutu. "Ukuodira ndani? Suja unatiika tonse?"

Batani anagwada pasimenti, misozi ili chuchuchu. "Amayi, ndinakukanani ndikudziwa kuti mukumva. Ndikhululukireni." Anandipatsa foni yake kuti ndimujambule ali chigwadire pambali pa makinawo. Ananena zoona zonse, naika kanemayo pa masamba ake onse, mawu amodzimodzi. Oonera anali ochepa, poti kupepesa sikuthamanga ngati manyazi.

Amayi anamuyang'ana. "Vula jeketeyo," anatero. Analowetsa ulusi wofiira m'singano, nasoka batani lija, nadula ulusiwo ndi mano monga mwa nthawi zonse. Kenaka anamufunsa ngati wadya.

Inu achinyamata a mafoni m'manja, mverani ine mlongo wake. Musadzinamize kuti mungakhale munthu wina pa tsamba ili, wina pa tsamba ilo. Bodza lomwe mwaika kutali ndi kwanu lidzafika pakhonde panu, ndipo woyamba kulasidwa nalo ndi amene amakukondani. Kutchuka kogula ndi kukana makolo ndi tchimo, ndipo zina zomwe limaswa sizikonzeka ngakhale mutakhululukidwa.

Batani akuimbabe pang'onopang'ono, ndipo amayi anamukhululukira ndi mtima wonse. Koma papita zaka ziwiri, kawailesi kaja sikanayatsidwenso. Amayi amasoka kuli zii. Loweruka lililonse mlongo wanga amabwera ndi mabatire atsopano. Amayi amalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuwaika m'dirowa momwe muli anzake.